Cham'mwamba: Mtengo wa Pakhomo Umene Tiyenera Kuudziwa Bwino

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo adalankhula pa msonkhano wa mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko pokonzekera nyengo yobzala mitengo.

 

Monga mukudziwa, chaka ndi chaka dziko lathu limakhala ndi nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Nyengoyi ikamayandikira, nkhani zathu zimakonda kukhala za mitengo ya nkhuni, ya milimo ndi yoteteza magombe a mitsinje, ndipo n'zoyenera kutero. Lero ndapemphedwa kuti ndikambe za mtengo umodzi umene malo ake enieni ndi pakhomo, pafupi ndi khitchini. Mtengowu ambiri timautcha cham'mwamba, ena amati kangaluni, anzathu a ku Chigwa cha Shire amati nsangoa, pamene Ayao amati kalokola. Pa mapaketi a m'masitolo ndi pa wailesi umamveka ndi dzina loti moringa.

Pali zifukwa ziwiri zimene zachititsa kuti nkhaniyi ibwere pano. Choyamba n'chakuti mtengowu uli ndi phindu lenileni limene mabanja ambiri sakulipeza, ngakhale uli chiimire kuseri kwa nyumba zawo. Chachiwiri n'chakuti masiku ano pakumveka zambiri zokokomeza za mtengo womwewu, ndipo zina mwa izo zikhoza kutayitsa anthu ndalama, ngakhalenso moyo. Inu ndi amene anthu amakufunsani kumudzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuti tichoke pano tikudziwa zimene mtengowu ungachite ndi zimene sungachite.

Tiyambe ndi mbiri yake. Kwawo kwenikweni kwa cham'mwamba ndi kumpoto kwa dziko la India, m'munsi mwa mapiri a Himalaya. Akatswiri a zomera amautcha Moringa oleifera, dzina limene katswiri wa ku France, Jean-Baptiste Lamarck, adaupatsa m'chaka cha 1785. Mawu oyambawo adachokera ku dzina la mtengowu m'chilankhulo cha Chitamil cha kummwera kwa India, pamene achiwiriwo ndi a Chilatini ndipo amatanthauza chinthu chobala mafuta. Banja la mitengoyi lili ndi mitundu 13. Ina imamera yokha kuno ku Africa, monga Moringa stenopetala amene anthu a kummwera kwa Ethiopia amadya masamba ake ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku. Koma umene udafalikira m'maiko onse otentha ndi uwu tili nawo kunowu. Ku Philippines amautcha malunggay, Ahausa a ku Nigeria amati zogale, pamene m'Chiswahili amati mlonge. Kuchuluka kwa maina ake m'zilankhulo zathu ndi umboni woti makolo athu adaudziwa kalekale, mabungwe asanayambe kuulalikira.

Mwina mudabwa kumva kuti abale a cham'mwamba pakati pa zomera ndi papaya, kabichi, repu ndi mpiru. Akatswiri amaziika zonsezi m'gulu limodzi lalikulu. Ukatafuna tsamba laliwisi la cham'mwamba umamva kakuwawa kofanana ndi ka mpiru, ndipo chifukwa chake ndi chibale chomwechi.

Tsopano tiuyang'ane mtengowo kuyambira pansi. Cham'mwamba chomera kuchokera ku njere chimakhala ndi muzu umodzi waukulu, wonenepa ngati chinangwa, umene umalowa pansi kwambiri ndi kusunga madzi ndi chakudya. Muzu umenewu ndi umene umachititsa kuti mtengowu upirire ng'amba. Dzuwa likanyanya umayoyola masamba n'kuoneka ngati wauma, koma ukangolawa chinyontho umaphukanso msanga. Thunthu lake ndi lofewa, khungwa lake ndi lotuwa, ndipo ukalitema limatulutsa utomoni woyera umene umafiira pakapita nthawi. Umakula mofulumira kwambiri. Pa nthaka yabwino umatha kufika mamita atatu kapena anayi m'chaka choyamba, ndipo ukasiyidwa osadulira umatalika mpaka mamita 10 kapena 12, masamba onse n'kuthawira kunsonga kumene mayi wofuna ndiwo sangafikeko.

Chimene ambiri timachitcha nthambi ya masamba kwenikweni ndi tsamba limodzi logawikana katatu, lokhala ndi timasamba tambirimbiri tobulungira, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Maluwa ake ndi oyera motuwira, onunkhira bwino, ndipo njuchi zimawakonda, zomwe ndi nkhani yabwino kwa amene muli ndi ming'oma. Mtengo wobzalidwa bwino umayamba kuchita maluwa usanathe chaka. M'maluwamo mumatuluka zitheba zazitali, za mbali zitatu, zimene zimafika masentimita 20 mpaka 45. Zikauma zimang'ambika patatu ndi kutulutsa njere zoderako, iliyonse ili ndi timapiko titatu topyapyala tothandiza kuti iuluke ndi mphepo.

Mtengowu umakonda malo otentha ndi dzuwa lokwanira. N'chifukwa chake umachita bwino ku Nsanje ndi Chikwawa, komanso m'mbali mwa nyanja monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga. Kumapiri kozizira umakula mozengereza, ndipo chisanu chimauwotcha. Nthaka imene umaikonda ndi ya mchenga wosakanikirana ndi chonde, yosasunga madzi. Mdani wake wamkulu ndi lowe. Ukaubzala m'dambo kapena pa makande odikha madzi, muzu uja umaola ndipo mtengo umafa. Izi tizikumbukire posankha malo, makamaka m'midzi imene madzi amasefukira chaka ndi chaka.

A Wapampando, ndilowe tsopano m'nkhani ya chakudya, pakuti apa ndi pamene pagona phindu lalikulu. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba a moyo, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumakhudza msinkhu ndi nzeru zomwe. Alangizi athu amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, zanyemba, zanyama ndi zamafuta. Koma tonse tikudziwa mmene mbale imaonekera m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Nkhwani, bonongwe, chisoso ndi luni zimakhala zitatha, mfutso wa m'chikwatu ukupita kumapeto, ndipo amene alibe dimba amangodalira kugula. Cham'mwamba chobzalidwa pafupi ndi bafa kapena potsukira mbale, chimene chimalandira timadzi totayidwa, chimapereka masamba aawisi m'miyezi yovutayi. Pambuyo pa ng'amba ya mu 2024, imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, palibe angaone mopepuka mtengo wopatsa ndiwo mvula itakana.

Masamba a cham'mwamba ali ndi zomanga thupi zochuluka kuposa masamba ambiri amene timadya. Akaumitsidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake limakhala zomanga thupi. Alinso ndi zinthu zimene thupi limazisandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, ayironi wothandiza magazi, komanso vitamini C pamene masambawo ali aawisi. Zimenezi n'zoona ndipo zidayezedwa m'malo ambiri.

Komabe tiyeni tiwerenge bwino. Ngati magalamu 100 a ufa wa masamba ali ndi magalamu pafupifupi 25 a zomanga thupi, mwana sadya magalamu 100 pa tsiku. M'phala lake mumalowa supuni imodzi, imene sikwana n'komwe magalamu 10, ndipo m'menemo muli magalamu awiri okha a zomanga thupi. Ndi thandizo ndithu, makamaka likamabwera tsiku lililonse, koma silingalowe m'malo mwa nyemba, mtedza, soya, usipa, dzira kapena mkaka. Mukamva otsatsa malonda akunena kuti cham'mwamba chimaposa mkaka kangapo kapena malalanje kangapo, dziwani kuti nthawi zambiri amayerekeza ufa wouma ndi chakudya chimene gawo lake lalikulu ndi madzi. Chinanso n'chakuti ayironi wa m'masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama ndi nsomba. Choncho uthenga wathu kwa amayi ukhale woti cham'mwamba chiwonjezere pa magulu asanu ndi limodzi aja, chisawachotse pa mbale.

Kaphikidwe nako kali ndi gawo lake. Vitamini A amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi, ndiye amayi athu akamatendera masambawa ndi nsinjiro amakhala akuchita chinthu chanzeru chimene asayansi amavomereza. Tomato kapena malambe zimathandiza kuti ayironi alowe bwino. Masambawa ndi ofewa, safuna kukhalitsa pamoto, ndipo soda amawononga mavitamini ake. Zitheba zanthete zimaphikidwa ngati zitheba za nyemba, ndipo ku India ndi zimene anthu amazikonda koposa. Maluwa nawo amadyedwa akaphikidwa.

Pofuna kusunga, thyolani masamba m'mawa, muwatsuke ndi madzi aukhondo, muwapulule, kenaka muwayanike pa mthunzi, pa thandala kapena pa lichero, pamalo podutsa mphepo, kutali ndi fumbi, nkhuku ndi ntchentche. Dzuwa lachindunji limawayezula ndi kuwononga vitamini A. Akauma mpaka kumafumbutuka m'manja, asinjeni mu mtondo woyera, musefe, ndipo ufawo muusunge m'botolo lotseka bwino pamalo pamdima. Ufa wabwino umakhala wobiriwira. Ukaderako kapena kuchita nkhungu, utayeni. Ufawu uzithiridwa m'phala kapena m'ndiwo chakudya chitatsala pang'ono kuphulidwa. Kwa mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi lamulo silisintha: ayamwe mwakathithi, osapatsidwa china chilichonse. Ndipo mwana amene wanyentchera kale, watupa mapazi kapena wafooka, malo ake ndi kuchipatala kumene akalandire chiponde ndi chithandizo choyenera. Ufa wa cham'mwamba umathandiza kupewa, koma suchiza mwana amene wadwala kale.

Phindu lachiwiri lili m'njere. Gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa njere, nthawi zina kuposerapo, ndi mafuta. Mafutawa ndi oyera, sachedwa kulowa pakhungu, ndipo amakhala nthawi yaitali osasasa. Kale ku Ulaya ankawagwiritsa ntchito pofewetsa zitsulo za m'mawotchi ndi posunga fungo la mafuta onunkhira. Masiku ano amalowa m'sopo ndi m'mafuta odzola, ndipo amathekanso kuphikira. Zotsalira pofinya mafuta zimabwerera kumunda ngati manyowa.

Njere zomwezi zimayeretsa madzi amatope. Amayi a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Sudan adazidziwa izi kalekale, ndipo asayansi atafufuza adapeza chifukwa chake. M'njeremo muli zomanga thupi zina zimene zimakoka tinthu ta dothi toyandama m'madzi, n'kutiunjika pamodzi mpaka titalemera ndi kumira pansi. Dziko lathu lili ndi mbiri pa nkhaniyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku yunivesite ya Leicester ku Britain pamodzi ndi anzawo a ku Polytechnic ku Blantyre adayesa njere za cham'mwamba pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, ndipo adapeza kuti zimatha kuyeretsa madzi amatope a nthawi ya dzinja mofanana ndi mankhwala amene timagula kunja.

Pakhomo njira yake ndi iyi. Tengani njere zokhwima ndi zouma, muchotse makoko, musinje mpaka zikhale ufa. Pa lita imodzi ya madzi amatope pamafunika pafupifupi njere imodzi, ndipo madzi akakhala oyererako muyezo umachepa. Sungunulani ufawo m'timadzi toyera m'botolo, mukhutchumule, muthire mu ndowa kudzera pa kansalu koyera. Takasani mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kapena khumi, ndipo musiye ndowayo osaigwedeza kwa ola limodzi kapena awiri. Matope akadikha, tsanulirani madzi a pamwamba mu chiwiya china.

Apa ndipemphe kuti timvetsetsane, pakuti ndi nkhani ya moyo. Madzi oyera m'maso si madzi otetezeka. Njere zimachotsa matope pamodzi ndi tizilombo tambiri, koma sizipha tizilombo tonse. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatiphunzitsa mtengo wa kulekerera. Madzi oyeretsedwa ndi cham'mwamba ayenera kuthiridwa kolorini kapena kuwiritsidwa asanamwedwe, ndipo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Ubwino wake ndi woti kolorini amagwira bwino ntchito m'madzi opanda matope. Choncho m'nyengo ya madzi osefukira, pamene zitsime zadzaza matope monga zidachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, njira ziwirizi zimathandizana: njere zichotse matope, kolorini aphe tizilombo.

Ku ziweto, masamba ndi nthambi zanthete ndi chakudya chabwino cha mbuzi, ng'ombe, akalulu ndi nkhuku, makamaka m'chilimwe msipu ukauma. Mitengo yobzalidwa mothithikana imapanga mpanda wamoyo wozungulira nyumba kapena dimba. Mthunzi wake ndi wopepuka, kotero mbewu zina zimatha kumera pansi pake. Koma pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kuyembekezera. Thabwa lake ndi lofewa, silingakhale phaso kapena mzati, ndipo nkhuni zake zimangolilima n'kutha. Komanso, ngakhale masamba ake amafanana ndi a mitengo ya m'gulu la nyemba, cham'mwamba sichiwonjezera chonde m'nthaka monga amachitira nsangu, gilisidiya kapena ombwe. Masamba ake akawolerana amathandiza ngati manyowa ena onse, koma amene akufuna kubwezeretsa chonde m'munda wa chimanga abzale nsangu ndi anzake aja. Mtengo uliwonse uli ndi ntchito yake.

Mafumu athu olemekezeka, ndifike tsopano pa nkhani imene ikufuna mawu anu. M'misika, m'mabasi ndi pa mafoni mukuyenda mauthenga onena kuti cham'mwamba chimachiza matenda osawerengeka: shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa, ngakhale Edzi. N'zoona kuti makolo athu ankagwiritsa ntchito mtengowu pa zovuta zina za m'thupi, ndipo n'zoonanso kuti asayansi akufufuzabe mphamvu zake. Koma kufufuza kwambiri kwachitikira pa nyama ndi m'nyumba zoyezera, ndipo palibe umboni woti cham'mwamba chimachiza ngakhale amodzi mwa matenda ndatchulawa. Munthu amene ali pa ma ARV akasiya mankhwala ake chifukwa cha paketi ya ufa wobiriwira, kachilombo kamachulukananso m'thupi, chitetezo chimatsika, ndipo mankhwala aja akhoza kudzakana kugwira ntchito pamene adzawayambirenso. Chimodzimodzi wodwala shuga, kuthamanga kwa magazi kapena chifuwa chachikulu. Amene akumwa mankhwala a kuchipatala ndipo akufuna kumadya ufawu wochuluka tsiku ndi tsiku, ayambe wafunsa dokotala kapena namwino. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chenjezo lina ndi la mizu ndi makungwa. Mbali zimenezi zili ndi poizoni, ndipo kwa mayi woyembekezera zikhoza kuchititsa kuti apite padera. Chakudya chathu ndi masamba, zitheba ndi maluwa. Mizu isiyidwe m'nthaka igwire ntchito yake yosunga mtengo. Njere zaziwisi nazo, zimene ena amatafuna ngati mtedza, zikachuluka zimatsegula m'mimba. Ndikupempha mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuti pa misonkhano, pa maliro ndi m'mapemphero muzinena izi momveka. Mawu anu amafika kumene chikalata cha khonsolo sichifika.

Pa nkhani ya malonda, msika wa cham'mwamba ulipo ndithu. M'masitolo a m'mizinda yathu mumapezeka ufa, tiyi, mafuta ndi sopo. Koma tidziwe kuti pa msika wa dziko lonse tikupikisana ndi India, amene amalima mtengowu kuposa dziko lina lililonse. Wogula wamkulu amafuna ufa waukhondo, wa mtundu umodzi, wochuluka, wofika pa nthawi yake, ndipo katundu wolowa m'sitolo amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Mlimi mmodzi payekha n'kovuta kuti akwanitse zonsezi. Mutu umodzi susenza denga. Magulu ndi makopaletivi ndi amene angathe kumanga choumitsira chaukhondo, kugula makina ofinyira mafuta ndi kukambirana mtengo ndi ogula. Ndipo pakabwera munthu wogulitsa mbewu pa mtengo wokwera, akulonjeza kuti adzagula zokolola zonse, funsani mgwirizano wolembedwa, funsani kumene ofesi yake ili, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaulimi musanazule chimanga kapena nandolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyambe ndi mphika wa pakhomo. Zotsala ndi zimene zipite ku msika.

Kabzalidwe kake n'kosavuta ndipo sikafuna ndalama. Njira yoyamba ndi ya njere. Sankhani njere za chaka chomwecho kuchokera ku zitheba zouma pa mtengo wathanzi, pakuti zogonera sizimera bwino. Kumbani dzenje la masentimita 30 mpaka 50 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi la pamwamba ndi manyowa owolerana, ndipo mubzale njere ziwiri mozama masentimita awiri okha. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mudzasiye mbande imodzi yamphamvu. Amene mukufesa m'machubu ku nazale musachedwe kuwokera, chifukwa muzu uja umakula msanga ndipo ukapindika kapena kuduka mtengo umafooka. Njira yachiwiri ndi yodula nthambi yokhwima, yotalika pafupifupi mita imodzi, yonenepa ngati mpini wa khasu, n'kuizika gawo limodzi mwa magawo atatu m'nthaka. Nthambi imapereka masamba msanga, koma ilibe muzu waukulu uja, kotero siipirira ng'amba ndi mphepo ngati mtengo wa njere.

Ngati mukufuna zitheba ndi njere, mitengo italikirane mamita atatu. Ngati mukufuna masamba kapena mpanda, mita imodzi kapena kucheperapo ndi yokwanira. Mtengo ukafika m'chiuno, tsinani nsonga yake kuti uchite nthambi zambiri, ndipo chaka chilichonse muziudulira pa msinkhu wa mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuti masamba azikhala pofikira dzanja. Musaope kudula, umaphukanso mwamphamvu. Adani ake ndi chiswe, lowe ndi mbuzi. Pa adani atatuwa woopsa kwambiri ndi mbuzi, pakuti imodzi yokha ikhoza kumaliza mbande zonse za pakhomo m'mawa umodzi. M'mera mpoyamba. Mbande iliyonse itchingidwe ndi minga, bango kapena njerwa mpaka itapitirira pakamwa pa chiweto, ndipo malamulo a m'midzi okhudza ziweto zoyendayenda m'chilimwe agwire ntchito.

Ndisanakhale pansi, ndisiye mapempho anayi. Kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi, limbikitsani banja lililonse kuti libzale mitengo ingapo ya cham'mwamba pafupi ndi khitchini kapena bafa nyengo ino, ndipo amene ali nayo kale agawireko anzawo njere ndi nthambi. Kwa makomiti a sukulu za pulaimale ndi za mkombaphala, ikani mitengoyi m'minda ya sukulu kuti phala la ana lipindule. Kwa alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe, onetsani kaphikidwe ndi kaumitsidwe koyenera pa masiku a sikelo, ndipo chenjezo la mizu, la madzi ndi la mankhwala lisasiyidwe. Kwa makomiti osamalira zachilengedwe, pamene mukulemba malipoti anu musatiuze chiwerengero cha mbande zobzalidwa chokha. Mudzabwererenso mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, mudzawerenge imene yapulumuka. Chiwerengero chimenecho ndi chimene chidzatiuze ngati tagwira ntchito.

Chitukuko china chimafuna ndalama zambiri ndi nthawi yaitali: misewu, milatho, zipatala ndi mijigo. Khonsolo ipitiriza kuzimenyera nkhondo zimenezo. Koma ichi takambirana lero chili m'manja mwa banja lililonse, pakuti mbewu yake ili kale m'midzi mwathu ndipo mtengo wake ndi khasu, manyowa ndi kampanda ka minga. Tikabzala mvula yoyamba ikagwa, chaka chamawa nthawi ngati ino mayi adzathyola ndiwo pakhomo pake.

 Mulungu adalitse boma lathu, Mulungu adalitse Malawi.